Maliro Opanda Moto a Bambo Kachale

Malemu achimwene anga, Bambo Cyprian Kachale, anabadwa pa 9 Okutobala 1958 pa famu ya fodya ku Mazowe, kumene makolo athu ankagwira ntchito atachoka ku Dedza. Sukulu anaphunzira pafamu pomwepo mpaka giredi seveni. Ine wowerenga mbiriyi ndine mng'ono wawo, Morris.

Mu 1981 analembedwa ntchito yopopera mankhwala opha ntchentche za kashembe kufupi ndi Kariba. Kumeneko anaona nkhwazi, zimene anzathu eni dziko lino amati hungwe, zikufungatira mazira amene ankangophwanyika osaswa ana. Atamva kuti mankhwala aja ankalowa m'madzi ndi m'nsomba n'kufooketsa mazirawo, anatula pansi ntchito. Nkhaniyi inawapweteka moyo wawo wonse, ndipo ankanena poyera kuti manja awo ali ndi mlandu.

Mu 1985 anamanga banja ndi Mayi Florida. Mu 1988 anasamukira kuno ku Unit C n'kuyamba kusoka nsapato pa msika wa Chikwanha.

Mu 2006 nkhwazi ziwiri zinamanga chisa mu mtengo waukulu m'mbali mwa mtsinje wa Manyame. Magetsi anali atayamba kuvuta, ndipo otema nkhuni anali akumaliza mitengo kumeneko. Chaka chilichonse, kuyambira Meyi mpaka ana a mbalamezo atauluka, malemuwa ankalawirira kumtsinje kukalondera mtengowo, nsapato za anthu zikudikira. Pa Chikwanha anawapatsa dzina loti Sekuru Hungwe, kutanthauza Agogo Nkhwazi. Alamu athu ankadandaula kuti ali pamitala ndi mbalame, ifenso achibale tinkaseka nawo. Ndikuvomera pamaso panu kuti tinalakwa. Lero zisa zilipo zitatu m'mbali mwa mtsinjewo.

Mu Malichi chaka chino anayamba kudwala mtima. Anagonekedwa m'chipatala kawiri, ndipo anatisiya pa 14 Julaye 2025 ali ndi zaka 66.

Anamalira nonse, ndikudziwa kuti ena mwakhumudwa. Mwambo timaudziwa: pamaliro pamayaka moto. Koma inu mwakhala masiku awiri pa mphepo ya Julaye popanda ngakhale chikuni chimodzi, ndipo dzulo mwana wawo Taurai anabweza ngolo ya nkhuni imene anansi anabwera nayo mwa chifundo. Sichinali chipongwe ayi. Achimwene ankadziwa kuti mitengo ikuluikulu yatsala kumtsinje kokha, ndipo kuti wokatema nkhuni za maliro palibe amamuletsa. Kutatsala masiku atatu kuti atisiye, anatiitana, natilumbiritsa kuti imfa yawo isagwetse mtengo umene anaulondera zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Tinalonjeza. Pepani chifukwa cha kuzizira.

Tikuthokoza a mpingo, madokotala ndi anamwino, amayi amene aphikira khamu lonseli pa gasi, ndi inu amene munabweretsa mabulangete osafunsa chifukwa.

Malemuwa asiya mkazi wawo Mayi Florida, ana atatu, Taurai, Nyasha ndi Charmaine, komanso zidzukulu zisanu ndi ziwiri. Asiyanso ana awiri a nkhwazi m'chisa chija, amene sauluka mpaka Seputembala, ndipo kuyambira mawa alibe wowalondera. Amene angathe, aonane ndi Taurai tikachoka kumanda.

Achimwene, mlandu uja mwaulipira. Mzimu wanu uuse mu mtendere.