Dimba la Abiti Usumani ku Lejiko

Munali mu Okutobala chaka cha 1957, tsiku Lolemba, pantoni yowolotsa anthu pa Shire itakakamira tsidya linalo pa Liwonde. A Elliam Chande, mphunzitsi wopuma amene anasankhidwa kukatiyankhulira ku nyumba ya malamulo ku Zomba, ija tinkaitcha Lejiko, anali atakhalira sutikesi yawo pansi pa mtengo wa mango pamene Abiti Usumani a m'mbali mwa mtsinje wa Rivirivi anaima patsogolo pawo, khasu lili paphewa.

"Ndinu a Chande?"

"Ndine, mayi."

"Aja tikumva kuti mumakalipira boma?"

"Iyayi. Sindikalipira. Ndimafunsa."

"Chabwino, mukalikalipire mofunsa. Kapitawo wa malimidwe wati Lachisanu abwera ndi anthu a zikwanje kudzatchetcha dimba langa. Akuti lili pafupi ndi mtsinje."

"Lili pafupi?"

"Mumafuna dimba likhale paphiri?"

A Chande anatulutsa kabuku ndi pensulo m'thumba la jekete. "Mayadi angati kuchokera pamadzi?"

"Ndikaima m'dimbamo ndimatha kutsuka mapazi."

"Ndiye kuti palibe yadi." Analemba.

"Muli chimanga chamasula kumene, muli maungu, ndipo kunyumba kuli adzukulu anayi amene adye m'menemo mpaka mvula igwe. Mukafika ku Zombako mukamuuze Bwanamkubwa kuti Abiti Usumani akana."

"Sindingamuuze."

"Ndi wogontha?"

"Amamva bwinobwino. Koma nthawi ya mafunso sitiuza, timafunsa. Ukayamba kuuza amakukhazika pansi."

"Ndiye mukamufunse kuti: kodi iwe ulibe manyazi?"

"Limenelo kalaliki wa ku Lejiko alikana. Funso lisakhale ndi maganizo m'kati. Lifune nambala, kapena tsiku, kapena chifukwa."

"Chabwino. Manyazi ali nawo angati?"

A Chande anaika pensulo pamlomo n'kuyang'ana mtsinje nthawi ndithu. "Limenelo likhoza kudutsa. Koma adzati alibe kaundula wake."

"Ogo! Ndiye lembani la dimbalo, mawa ayankhe."

"Mawa sangayankhe. Funso limaperekedwa kwa kalaliki, lolembedwa bwino, kutatsala masiku khumi ndi anayi."

"Lachisanu kwatsala masiku anayi."

"Eetu. Aperewera khumi."

"Pofika pamenepo maungu anga adzakhala atauma padzuwa!"

"Pamenepo funso lidzaphweka. Ndidzangofunsa kuti anatchetcha liti."

Abiti Usumani anasintha khasu, kulichotsa phewa lamanja kuliika lamanzere.

"Tandiuzani bwino, aphunzitsi. Mukalowa m'nyumba imeneyo mumatani kwenikweni?"

"Akatchula dzina langa ndimaimirira, n'kumanga mabatani a jekete, n'kunena kuti: funso nambala seveni. Kenako ndimakhala pansi."

"Basi?"

"Basi. Funsolo amakhala analiwerenga kale."

"Kuchoka ku Balaka, kugona panjira, kuwoloka Shire, kukwera mapiri onse aja, kukanena seveni?"

"Nthawi zina naini."

"Ndiye iwo amati chiyani?"

"Amaimirira mzungu wamkulu wa zamalimidwe, n'kunena kuti boma nkhaniyi likuiganizira."

"Inu n'kukhala chete?"

"Iyayi! Amandilola kafunso kena kowonjezera. Ndimafunsa kuti liganizira mpaka liti."

"Ehee. Iwo?"

"Amati zimenezonso likuziganizira."

"Walayi! Kwathu mbuzi ya munthu ikadya chinangwa cha mnzake, mwini mbuzi amayankha pabwalo dzuwa lisanapendeke."

"Kumeneko dzuwa sitiliona. Mawindo ali ndi makatani."

Tsidya lija anthu anayamba kukoka chingwe cha pantoni, kenako anasiyanso. A Chande anatsokomola. Zinaoneka kuti mawu aja awakhudza.

"Koma musaderere funso, mayi. Boma limaopa funso lolembedwa kuposa mfuu. Mfuu imathera m'mwamba, koma pepala limafuna yankho, ndipo yankho limasindikizidwa. Kalaliki akangolandira, tsiku lomwelo lamya imapita kwa DC. DC amaitana bwana wa malimidwe, bwanayo amaitana kapitawo. Onse amasiya zimene akuchita. Ine mu Julayi ndinafunsa za madimba omwewa, boma lonse linatuluka thukuta."

"Munafunsa kuti chiyani?"

A Chande anabwerera masamba angapo m'kabuku muja n'kuwerenga ndi mawu a m'kalasi. "Kodi m'mbali mwa mtsinje wa Rivirivi muli madimba angati, ndipo otchetchedwa kale ndi angati?"

"Anayankha?"

"Makumi atatu ndi limodzi. Chikhalirecho boma linkati makumi atatu. Funso langa linavumbula dimba limodzi limene boma silinkalidziwa n'komwe." Anatseka kabuku modekha, ngati munthu amene sakufuna kudzitama.

Abiti Usumani anatsitsa khasu pang'onopang'ono.

"Limodzi limenelo linali pati?"

"Akuti kuseri kwa bango, pansi pa mkuyu wopendama."

"Zaka zisanu ndi zinayi, a Chande. Zaka zisanu ndi zinayi ndalima kuseri kwa bango limenelo. Ngakhale apongozi anga anamwalira osadziwa polowera."

"Ndiye kuti nambala inali yolakwika zaka zisanu ndi zinayi."

"Ndinu munanditumizira kapitawo uja!"

"Sindinatumize. Ndinafunsa."

"Khasu ili mukuliona?"

"Ndikuliona. Limenelo ndiye funso labwino. Lalifupi, lomveka, lopanda maganizo m'kati."

"Maganizo alimo."

A Chande anasuntha pang'ono pamodzi ndi sutikesi yawo.

"Kapitawo wanuyo anabwera ndi chingwe ndi bukhu lalikulu," anatero Abiti Usumani, akukhomerera khasu pansi. "Kabudula wakhaki, mastokingi mpaka m'mawondo, akumira m'matope ngati kakowa. Ine ndinkati akusaka nkhanu, ndinamupatsanso madzi akumwa! Ogasiti yense, Sepitembala yense, kungoyendayenda m'mtsinje, wani, thuu, wani, thuu..."

Analekeza. Anayang'ana a Chande, kenako khasu, kenako a Chande.

"Taimani. Miyezi iwiri imeneyo sanatchetche dimba la munthu."

"Sakanatha."

"Chifukwa?"

"Ukamatchetcha uku ukuwerenga, nambala imasintha. Boma likabweretsa nambala yolakwika, ine ndimaimirira n'kulifunsa pamaso pa anthu kuti nanga bwanji, ndipo a nyuzipepala amalemba. N'chifukwa chake DC amalamula kuti pasakhudzidwe kanthu mpaka yankho litapita ku Zomba."

"Ndiye kuti manyazi lili nawo."

"A nambala okha."

"Lamya ija mwati imapita liti?"

"Ndikapereka funso mawa m'mawa, Lachitatu ili kwa DC, Lachinayi kapitawo wamva."

"Nanga Lachisanu?"

"Akuwerenga."

"Zikwanje?"

"Zili m'sitolo ya boma."

Abiti Usumani anatsamiritsa khasu kumtengo, n'kukonza chitenje, n'kukhala pansi pafupi ndi sutikesi.

"Nyowetsani pensuloyo. Lembani."

"Madimba anawerengedwa kale, mayi. Funso loyankhidwa salola kulibwereza."

"Ndani wanena za madimba? Lembani kuti: kodi m'madimba makumi atatu ndi limodzi aja muli maungu angati?"

A Chande analemba, n'kuwerenga kawiri milomo ikugwedezeka. "Likufuna nambala."

"Maganizo alimo?"

"Sindikuwaona."

"Kalaliki alikana?"

"Sangalikane. Chakudya cha anthu ndi nkhani ya boma." Anakanda m'mutu ndi pensulo. "Koma lili ndi vuto lalikulu. Maunguwo akuberekabe. Kapitawo akawerenga kumtunda lero, pofika kumunsi, kumtunda kwatuluka ena."

"Ndiye atani?"

"Ayambirenso."

"Komanso ifetu tizithyola tsiku ndi tsiku. Ana aja sadikira."

"Ayambirenso."

"Abiti Sidik oyandikana nane awo amadya ndi anyani."

"Pamenepo padzafunika kufunsa ku Zomba ngati dzungu lolumidwa likuwerengedwa lathunthu kapena theka. Kalata yotero imatenga masabata atatu." A Chande anapukusa mutu, nkhope yodandaula ndithu. "Mayi, ndikuuzeni zoona. Funso ili silidzayankhidwa mpaka mvula itagwa, mtsinje utadzaza, inu mutakolola zonse. Kapitawo adzapeza mapesi okhaokha."

"Zachisoni."

"Zachisonidi. Ine sindikonda funso logona. Inuyo mwabwera ndi nkhani yachangu, ndipo mwadandaula moyenera kuti boma limachedwa."

Apa n'kuti pantoni itagunda gombe, anthu akukankhana ndi njinga ndi madengu a nsomba. A Chande anaimirira, anamanga mabatani a jekete, ananyamula sutikesi. Atayenda mapazi atatu anatembenuka, nkhope itawala.

"Koma ilipo njira! Ndikhoza kulemba pamwamba ndi inki yofiira kuti: mwamsanga. Ndikatero amawonjezera akapitawo anayi, sabata imodzi amaliza."

Abiti Usumani anadzuka, anawalanda pensulo ija m'manja, n'kuwaikira m'thumba la jekete, n'kusisita pathumbapo.

"Aphunzitsi, boma ndi munthu wamkulu, musamalithamangitse. Lisiyeni liganizire."