Dzina la Lily Analiika Pansi pa Tsamba

Malemu anabadwa pa 9 Meyi 1931 konkuno kwa Zingalume, m'nyumba imene inali paja pali khola la mbuzi lero. Bambo awo anali malemu a Jonasi Nkhoma. Mayi awo ndine ndaima panone, Lonia. Tinawatcha Lily. Amene anawalandira pobadwa ndi a Nasimango, namkungwi wa mudzi uno, awo akhala patsinde la mango apowo.

Amfumu, akulu a mpingo, adzukulu ndi anamalira nonse, ndikudziwa kuti mkazi saima pamaliro, makamaka pamaliro a mwana wake. Mbiriyi amayenera kuwerenga ndi alongo anga a Timoti. Koma zimene analemba ndaziona m'mawa uno. Akuti malemu anadwala kanthawi kochepa, Mulungu n'kuwatenga. Malemu sanadwale. Ndiye ndalemba ndekha, ndipo akulu a mpingo andilola. Mundipirire, ndatopa, sinditalikitsa. M'nyumba umo muli khanda la dzulo, lopanda amake, lopanda dzina, losatuluka m'chikuta. Ndimalizira za ilo, chifukwa pa onse a m'mbiri ino ndi lokhalo limene tingalichitire kanthu.

Mu 1939 malemu anayamba sukulu ya mishoni ya pamudzi pano. Sanali mwana wovuta, kupatula pakamwa. Ukawatuma madzi ankapita, koma uyambe wawauza chifukwa chake.

Mu 1945 anatha msinkhu, ndipo analowa m'tsimba monga tinalowera ife tonse. Namkungwi wawo anali a Nasimango omwewa. Mpingo sunakondwe nazo, unatiimitsa pa mgonero chaka chimenecho, tinapirira. Ndikunena izi kuti pasapezeke wina wonena kuti malemu anali mlendo pa mwambo. Anaudziwa, ndipo ankaulemekeza kuposa ena amene akhala pano.

Mu 1948 anamaliza Sitandade 6. Zaka ziwiri zotsatira anaphunzira zauphunzitsi ku Fort Jameson, ndipo mu 1951 anayamba kuphunzitsa atsikana ku Pembamoyo. Pa 16 Ogasiti 1952 anamanga ukwati mu mpingo ndi a Aleck Mvula, mmisiri wa matabwa. Bokosi mukulionali akhoma okha. Mu 1953 kunabadwa mwana wawo woyamba, Yosiya. Anamulandira ndi a Nasimango, anamutulutsa m'chikuta ndi a Nasimango.

M'chilimwe cha 1954 kunabwera dona wina wochokera ku sukulu yaikulu ya kutsidya kwa nyanja, imene amati yunivesite. Anamanga tenti kuseri kwa nkhokwe zathu. Dzina lake sinditchula, lingandidetse mkamwa. Inu munamutcha Namafunso. Anati akufuna kuphunzira mmene amayi a kuno amalerera atsikana. Chinyanja chake chinali cha moni ndi zikomo basi, ndiye anafuna mkazi wodziwa Chingelezi, wodziwanso za kutsimba. Malemu anasiya choko n'kuyamba kumumasulira.

Poyamba amayi anakana. Munakana bwino. Dona analonjeza ine ndili pomwepo, pakhonde langa, kuti sadzatchula dzina la munthu kapena la mudzi, ndi kuti nyimbo za kutsimba sizidzafika pamaso pa mwamuna. Anati akulembera akazi anzake ophunzira a kwawo, kuti aleke kumanena kuti amayi akuda salanga ana. Mawu amenewa anawatembenuza ndi malemu, ndi pakamwa pawo, ndipo anawakhulupirira. A Nasimango anavomera, koma ananena poyera kuti iwo akulankhula ndi mwana wawo Lily, osati ndi mzungu.

Chaka chathunthu malemu anayenda naye, Yosiya ali kumsana. Kufunsa, iwo. Kulemba nyimbo, iwo. Kumasulira, iwo. Dona akasokoneza za msinkhu ndi za chisamba, wokonza anali iwo. Dona ankanena kuti zikadzasindikizidwa, pamwamba padzakhala maina awiri. Mu 1955 anapasula tenti yake, anatisiyira ketulo yobooka, n'kupita.

Mu 1956 zolembazo zinatuluka. Si nyuzipepala ayi. Ndi magazini ya anthu ophunzira okhaokha, imatuluka kangapo pachaka, ndipo akuti munthu akalembamo amakwezedwa pantchito. Imodzi inafika ku boma, kalaliki wina n'kuibwereka, n'kuyenda nayo panjinga mpaka pamowa. Ndinaiona ndi maso angawa, kuwerenga ndimadziwa. Pamwamba, dzina limodzi, la dona. Mkati, dzina la mudzi uno, dzina la a Nasimango, maina a atsikana amene anavinidwa chaka chija. Nyimbo za kutsimba zonse, kumanzere m'chiyankhulo chathu, kumanja m'Chingelezi, kuti ngakhale mnyamata wa Sitandade 1 aziwerenge. Dzina la malemu linalimo, inde. Analiika pansi penipeni pa tsamba, m'timalemba tating'ono ngati mbewu za fodya. Ndipo silinanene kuti analemba nawo. Linati zinsinsi zonsezi anabweretsa ndi Lily Nankhoma.

Paulemu anawachotsapo. Pamlandu anawasiyapo okha.

Bodza linalimonso. Analemba kuti anamkungwi a kuno amamwetsa atsikana mankhwala ochotsa mimba. Palibe ananena zimenezo. Dona anafunsa funso limenelo kangapo, amayi onse anakana, malemu anamasulira kukanako. Koma mphunzitsi wake wa dona anali atalemba kale zotere za anthu a dziko lina, ndiye zathu zinayenera kufanana ndi zake.

Zimene zinatsatira mukuzidziwa, koma ndizinena. Amuna anayimba nyimbo za kutsimba pamowa. Ena mwa inu mwakhala kumbali ya amuna uko, mwaweramitsa mitu ngati mukupemphera. Anyamata anaziyimbira amayi awo kuchitsime. Amesinjala anabwera kudzatenga a Nasimango, munthu wamkulu, anayenda wapansi mpaka ku Chadiza kukafunsidwa za mankhwala pamaso pa amuna. Anawamasula chifukwa panalibe mlandu, koma manyazi sawamasula munthu. Zimenezo sindikuzichepetsa, a Nasimango. Zinakupwetekani, ndipo zinatipweteka tonse amene tinalowa m'tsimba.

Malemu sanakhale chete. Analembera akonzi a magaziniyo kuti bodza lija alibweze poyera, ndi kuti anene kuti lonjezo linaphwanyidwa. Yankho linatenga miyezi. Akuti zolembazo zinawerengedwa ndi akatswiri zisanasindikizidwe, ndipo sanapezemo cholakwa. Akatswiri ake ati? Anthu osamwapo madzi a kuno, osadziwa ngakhale kumene khomo la tsimba limaloza. Malemu analembanso. Akuti sangasindikize mawu awo popeza si munthu wa yunivesite, dandaulo lawo akalipereke kwa dona. Mawu awo anali abwino pamene ankawatenga, anaipa pamene anafuna kudziyankhira okha. Ndipo mkulu wa akonziwo ndi ndani? Mphunzitsi yemwe uja wa dona. Fisi kuweruza mlandu wa mbuzi. Dona sanayankhe n'kamodzi komwe. Tikumva kuti tsopano akuphunzitsa ena, ndipo amamutcha katswiri wa za amayi a Chichewa.

Kuno malemu anayenda khomo ndi khomo kupepesa mlandu umene sanapalamule. Kwa a Nasimango anapita ndi nkhuku, nkhukuyo inabwezedwa. Anayesa kubwerera ku uphunzitsi, makolo anachotsa atsikana awo. Pamtondo ankasinja okha. Akafika kuchitsime nkhani zinkatha. Dona ali kutali, akonzi ali kutali, dzanja lanu silikanawafika, ndiye munamenya amene anali pafupi. Ine ndinkawauza kuti mwana wanga, pirira, mkwiyo wa pamudzi umatha ndi dzinja. Dzinja linatha, mkwiyo sunathe.

Chaka chino cha 1957 malemu anali oyembekezera. Dzulo Lachiwiri, pa 10 Seputembala, matenda anayamba m'mawa. Ndinatuma uthenga kwa a Nasimango monga timachitira. Yankho linabwera lakuti akaitane dona wawo. Ndinatumanso kwa amayi ena. Sikunali usiku kuti munene kuti simunamve. Dzuwa linali pamutu, munali pabwalo apo mukuswa mtedza, ndipo kubuula kwa mwana wanga kunkafika.

Ine ndabereka, koma si mzamba. Ndinachita zimene ndimadziwa. Khanda linabadwa, lalikazi, lamoyo. Zotsalira zinakana kutuluka, magazi osaleka. Manja amene amadziwa chochita pamenepo alipo pamudzi pano, ndipo ndi omwe aja anatulutsa malemu m'mimba mwanga. Pamene a Aleck ankapeza ngolo n'kumanga ng'ombe, nthawi inali itapita. Malemu anatisiya panjira ya kuchipatala, mutu uli pamiyendo panga. Anafunsa kawiri ngati a Nasimango afika. Za dona sanafunse.

Sindikunena kuti mukanabwera akanakhala ndi moyo. Sindikudziwa. Chimene chikundidya ndi chimenecho, kuti sindidzadziwa, ndipo inunso simudzadziwa.

Malemu amwalira ali ndi zaka 26. Asiya amuna awo a Aleck Mvula, mwana wamwamuna Yosiya, khanda lili m'nyumbalo, amalume awo a Timoti, ndi ine mayi awo.

Othokoza si ambiri, ndiye sindichedwa. Zikomo adzukulu, mwakumba pouma. Zikomo eni ngolo, simunafunse kanthu. Zikomo amayi a mpingo amene mwasambitsa malemu. Madzi ake ndinatenthetsa ndekha, ndipo moto wake ndinayatsira magazini ija, imene malemu anachita kuipempha kwa kalaliki kuti ileke kuyenda m'mamowa. Yagwirako ntchito imodzi. Ndikudziwa kuti kutsidya kwa nyanja zilipo zambiri, zaikidwa bwino m'mashelefu, ndipo bodza la mudzi uno lidzawerengedwa ife tonse titaola. Abusa, inu mumalemberana ndi azungu. Mukawauze akonziwo kuti uja anamukaniza kuyankha waikidwa lero. Asavutikenso kumuyankha.

Zikomo kwambiri kwa Mailesi, mdzukulu wa a Nasimango omwewo. Ali ndi wake wakubere. Dzulo madzulo analowa m'nyumba osapempha chilolezo kwa munthu, ananyamula khanda n'kuliika kubere. Aliyense amene akufuna kumudzudzula Mailesi ayambe wadzera kwa ine.

Tsopano za khanda. Masiku akubwerawa mchombo ugwa. Mukudziwa zimene zimafunika. Amayi aakulu abwere, akwirire mchombo, amete mwana, amutulutse pakhomo, mudzi umuone, apatsidwe dzina. Ine agogo ake ndekha sindingachite zimenezo n'kumati zatheka. Mwana wotuluka m'chikuta popanda amayi a mudzi amakula ngati mlendo, ndipo uyu ndi mtsikana. Tsiku lina adzatha msinkhu, adzafuna womulanga. Tsiku lina adzakhala pamphasa ngati amake dzulo, adzatuma uthenga. Ndikufuna kudziwa ndikali moyo ngati kudzabwere munthu.

A Nasimango, ndikulankhula ndi inu. Tinalowa m'tsimba chaka chimodzi. Sindibwera ndi nkhuku, ndipo sindigwada, mawondo anga agwada mokwanira dzulo m'ngolo. Sindikukupemphani kuti mundikonde, inenso lero sindikukukondani. Khandalo silinalembe magazini. Silinamasulire mawu a munthu. Mchombo ukagwa ndidzatsegula chitseko, ndidzayala mphasa pakhonde pomwe paja dona ananamira, lumo ndi madzi zidzakhala pomwepo. Uthenga sindidzatumanso. Uthenga wake ndi uno, ndipo mudzi wonse waumva.

A Lily Nankhoma, mwana wanga, ophunzira anakuikani pansi pa tsamba. Pamtanda umene amuna anu asema, dzina lanu lili pamwamba, lokha, m'malemba aakulu. Gonani mumtendere, Ambuye akulandireni. Kumeneko sakakufunsani za yunivesite.

Ndatha. Adzukulu, nyamulani.