Nthochi ya Pamanda Anga

Mtendere wa Ambuye ukhale nanu, abale ndi alongo. Inu mwakhala kutsogoloku musasunthe, sindiluma. Ine ndine malemu Yotamu.

Inde, malemu. Mwamva bwino.

Zaka zija matipate atangoyamba, ndinali ku koleji ku Blantyre, kuphunzira za makompyuta. Ndinaphunzira mwakhama mpaka aphunzitsi anagwirizana kuti ndikapume kwathu. Kwathu sindinapite. Manyazi, abale! Ndinawolokera ku Mozambiki kukagwira maganyu, osatumiza ndi moni yemwe. Kenako wina anafika kumudzi ndi uthenga woti madzi ananditenga powoloka mtsinje. Mtembo sunapezeke. Ndiye mwa mwambo wake anadula thunthu la nthochi, nalikulunga m'nsalu, naliika m'manda m'malo mwanga. Ndimamva kuti kwaya inaimba bwino.

Tsiku lomwe ndinabwerera, dzuwa lili paliwombo, mudzi wonse unati zii. Ana anathawa. Amalume anaima patali, nati, "Munthu amene tinamuika salowa m'nyumba muno." Mayi anga anasuzumira pazenera, natseka.

Ndinapita kumanda kukadziona. Abale, nthochi ija inali itaphuka. Yobiriwira, yonenepa kuposa mwini wake. Kunalibe mphepo, koma masamba ake amagwedezeka.

Ndinakagona m'golosale yakale yopanda chitseko, pafupi ndi mtsinje wa Domasi. M'menemo ndinapezamo anthu awiri osowa pokhala: mayi Esinala, amene achibale a amuna awo anawalanda nyumba maliro atangotha, ndi a Mulipa, nkhalamba yowedza matemba. Ndinawauza kuti ndine wakufa. Mayi Esinala anati, "Bola musalize nkhonono usiku."

Ndinalibe chowapatsa. Ndinali ndi chinthu chimodzi chokha m'mutu muno: kalembedwe ka malamulo a kompyuta. Ndiye ndinatola khala, khoma likhale bolodi. Ndinawauza kuti kompyuta ndi kapolo wopanda nzeru. Imachita zokhazo zimene walemba, mzere ndi mzere. Makina tinalibe, choncho makinawo ndinakhala ine. Iwo amalemba pakhoma, ine n'kumachita. Tenga ndowa. Pita kumtsinje. Ngati ndowa yadzaza, bwerera. Tsiku lina a Mulipa anaiwala kulemba mzere woti ndileke, ndipo ndinangopita n'kubwera, kupita n'kubwera, nkhope ili gwa, mpaka iwo anagwa ndi phwete.

Ife timaseka. Koma taganizani zimene amaona amayi otsuka mbale kutsidya. Munthu amene anamuika okha, akuyenda ngati chitsa, osayankha moni, akutunga madzi molamulidwa ndi mayi wamasiye, zilembo zachilendo zili mbwee pakhoma.

Ndondocha, abale. Anati mayi Esinala anandifukula n'kundidula lilime kuti ndiziwagwirira ntchito.

Anthu a m'mudzi anabwera masanasana. Sanabwere akukuwa ayi, kukuwa kukanakhala bwino. Anabwera mwakachetechete, miyala ili m'manja, natizungulira. Ngakhale mbalame zinaleka kulira. Amalume analoza mayi Esinala, nati, "Mfiti iwe, bweza mwana wathu kumene unamutenga."

Mayi Esinala ananditembenukira. "Achimwene, yankhulani. Auzeni."

Abale ndi alongo, ine wa pakamwa ine, lilime linakana. Mantha anandiumitsa thupi lonse. Ndinangoima, maso ali tong'o, ndendende chimene amanenacho. Mwala woyamba unagunda khoma pafupi ndi mutu wa mayi uja. Mayi amene anandilandira onse atandikana anali pafupi kufa chifukwa cha sukulu yanga yapakhoma ija. Mumtima ndinati, Ambuye, munatsegula pakamwa pa bulu. Ine ndasiyana naye pati?

Yankho linatuluka m'khamu lija litavala patapata. Anali mayi anga. Anayenda pang'onopang'ono mpaka anaima pamaso panga. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anawerama, navula patapata mmodzi, nandiwomba naye pakhutu.

"Mayo ine! Amayi, mundipha!"

Iwo anatembenukira anthu aja, misozi ili chuchuchu. "Wakufa salira chonchi. Kulira kopusaku ndikukudziwa kuyambira ali kumsana. Tayani miyalayo."

Aleluya! Ena amachiritsidwa ndi kusanjika manja. Ine Ambuye anaona kuti pafunika patapata.

Lero ndili moyo, ndipo mpingo unavomereza. Akulu a mpingo anatipatsa kachipinda ndi kompyuta yakale imene inkangokhala yofunditsidwa nsalu chifukwa panalibe woidziwa. Amabwera kudzaphunzira ogona m'makhonde a sitolo, amabwera othamangitsidwa kwawo. Sitifunsa kuti kwanu n'kuti. Woyambitsa atsopano ndi mayi Esinala, ndipo amagona m'nyumba yokhala ndi chitseko. A Mulipa mpaka pano amaiwala mzere woti makina aleke. Magetsi akazima timabwerera kukhoma, koma ntchito yokhala makina ndinatula pansi. Timachita kulandizana, ndipo aliyense amalamulidwa kuyankha moni.

Ndithokoze Mulungu amene sawerengera munthu manda ake. Ndithokoze mayi anga, ali apowo, dzanja lawo likadali lamphamvu.

Nthochi ija amalume anafuna kuidula. Ndinakana. Chaka chino yabereka mkoko waukulu, ndipo ndabwera nawo, uli pakhomo pa tchalitchi. Potuluka aliyense atengepo imodzi. Musaope, abale. Mwini manda walola.

Ameni.