Nthochi Imene Wokhoma Madenga Anakana

Basi inachedwa, ndipo pabenchi la pasiteji mayi wina anathyola nthochi n'kupatsa bambo wa manja okhakhala amene anakhala pambali pake.

"Zikomo mayi, koma sindidya."

"Mukuopa kuti ndathiramo chiphe, bambo?"

"Ayi, ndimadwala khunyu. Mapiritsi okha ankalephera, ndiye adokotala anandiletsa shuga, buledi, mpunga, ngakhale nthochi. Ndimadya mazira, mapeyala, masamba ndi mafuta ambiri, zonse zoyeza pasikelo."

"Achipatala kukulamulani kudya zonona? Matenda abwinotu amenewo!"

"Mukawafunse apongozi anga. Amati ndimanyoza mphika wawo."

"Nanga mapiritsiwo munasiya?"

"Ndimamwabe. Miyezi isanu ndi inayi tsopano sindinagwepo. Ntchito yanga ndi yokhoma madenga, mayi, koma pano ndimangopatsira anzanga misomali ndili pansi. Chaka chikakwana osagwa, mwina andilola kukweranso makwerero."

Mayiyo anabweza nthochi ija mujumbo.

"Denga langa likudontha pamwamba penipeni pa bedi."

"Ndikupezereni mnzanga?"

"Ayi, ndidikira inu. Miyezi itatu si kanthu, beseni ndili nalo."