Seguru sadziwa malume

Pa parajemu, pokwerera magalimoto ku Furancungo, mayi wina ndi bambo wachikulire ankadikira shapa, minibasi ya ku Tete. Bamboyo anali atanyamula mwana wodwala.

"Mwanayu ndi wanu, bambo?" anafunsa mayiyo.

"Ndi wa mlongo wanga. Ndikupita naye ku chipatala cha seguru."

"Muli pa seguru, inshuwaransi ya chipatala ija?"

"Abwana atigulira chaka chino. Anati aliyense alembetse ana atatu, ine ndinatchula a mlongo wanga."

"Ine ndili ndi chigayo, antchito anga ndinawagulira yomweyo. Amalola ana obereka nokha basi."

"Kwathu kuno mwana akadwala, wothamanga naye ndi malume ake. Inunso mukudziwa."

"Ine ndikudziwa, koma a seguru sakudziwa. Akakubwezani pakhomo. Nanga ana anu?"

"Ali ndi malume awo ku Ntengo-Wambalame."

"Malume awowo ali pa seguru?"

"Ayi, amangolima kachewere."

"Ndiye mukasinthe, mukalembetse anuwo."

Bamboyo anamufunditsa bwino mwana uja.

"Angawo ali bwino, mayi. Wodwala ndi uyu. Akakafunsa kuti ndi wa yani, akaone amene wamunyamula."