Tsiku Limene Ndinavula Magulovu

Moni aulutsi ndi omvera nonse. Ndine mayi wa ku Chinengundu kuno ku Chegutu, ndipo agogo anga anachokera ku Nyasaland kudzagwira ntchito m'migodi.

Nditamaliza maphunziro a uinjiniya wa zamagetsi, ananditumiza ku mgodi wina kufupi ndi Turf kuti ndikaphunzire ntchito ndi manja. Popanda siginecha ya wondiyang'anira, satifiketi sindikanaiona. Wondiyang'anirayo anali bambo wachikulire, tonse tinkangoti Madala. Atadziwa kuti ndine wakwawo, ankandilankhula Chichewa chokhachokha.

Tsiku lina mota ya pampu inayamba kufuka utsi ine nditaima pafupi ndi swichi yaikulu. Madala anakuwa kuti, "Vula! Vula!"

Ine osachedwa, ndinavula magulovu n'kuwataya pansi. Iwo anathamanga, kundikankhira kumbali, n'kuzimitsa okha magetsiwo.

"Mwanangu, ukufuna kugwira moto ndi manja? Vula wa mumgodi ndi Chilapalapa, ndiye kuti tsegula swichi, dula magetsi!"

Manyazi anandigwira, mumtima ndikuti siginecha ija yapita. Koma atapuma pang'ono anati, "Wolakwa ndine, ndasakaniza zilankhulo. Kuyambira lero, ndikakuuza chinthu uzibwereza kaye kuti ndimve."

Nthawi itakwana anasaina, satifiketi ndinalandira, ndipo lero ndikuphunzitsa ena ku Kadoma. Anzanga a zamagetsi, musamachite manyazi kubwereza zimene mwauzidwa. Ine mpaka pano munthu akati vula, ndimayamba ndafunsa kuti, "Ndivule chiyani?" magulovu ali m'manja.