Mano a Onodera Apita ku Holo

Linali tsiku lachitatu magetsi atathima, chipale chofewa chitakwirira mudzi wathu wa ku Hokkaido mpaka m'mawindo, ndipo a Onodera anali pansi pa mabulangete anayi pamodzi ndi liuma lawo. Anthu onse anali atathawira ku holo kumene kunali mbaula ndi msuzi wotentha, koma woyang'anira holoyo anali a Shimizu, amene zaka khumi ndi ziwiri zapitazo anakankhira chipale pachipata cha a Onodera osapepesa.

"Bambo, tiyeni ku holo," anatero akazi awo, a Tsuyako, ataima pakhomo chikhoti chili m'thupi. "Mukutsokomola ngati galimoto yakale."

"Ndinanena kale. Phazi langa silidzaponda pakhomo la Shimizu. Tingoluma mano basi!"

"Mano ake ati?"

"Ndi kayankhulidwe chabe, mayi inu!"

"Oho. Ndimati mwina muli ndi ena."

A Onodera anapisa dzanja pambali pa pilo, pamene pankagona kapu ya mano awo oikirira. Panalibe kanthu. Njala inali itawagwira zenizeni, ndipo m'nyumba munangotsala mabisiketi a mpunga, ouma gwa.

"Kapu yanga ili kuti?"

"Ndinaiika panja dzulo, pachipale."

"Pachipale? Mwatani kodi?"

"Munalamula ndinu. Munati firiji yafa, chilichonse chokhudza chakudya chipite panja chingawonongeke."

"Ndimanena nsomba! Ndimanena nyama ndi tofu!"

"Nanga mano sakhudza chakudya?" A Tsuyako anafunsa nkhope ili phee. "Anuwo ndiye amachikhudza katatu pa tsiku."

"Kawatengeni msanga!"

"Kulibe."

"Khwangwala?"

"Ayi, a Shimizu. Anadutsa m'mawa kusonkhanitsa zakudya za mumphika wa anthu onse. Ndinawaikira bokosi lonse pa kangolo kanga kaja kotsetsereka pachipale, ndinawathandizanso kukoka."

A Onodera anadzuka, bulangete lili kumutu. Anafuna kukalipa, koma munthu wopanda mano akakalipa mawu amatuluka ngati phala.

"Mwapereka mano anga kwa Shimizu?"

"Ndinapereka bokosi. Manowo anangokwera nawo."

"Ndiye inu munakafika ku holoko?"

"Eee. Msuzi wake wa nsomba, bambo, musanene. Ndinamwa mbale ziwiri."

"Ine nditaletsa?"

"Munati phazi lanu. Langa simunalitchule."

Apa mtima unawapweteka a Onodera, osati chifukwa cha kusamvera, koma chifukwa cha mbale ziwirizo. M'mimba mwawo munalira mokweza, a Tsuyako n'kuyang'ana kudenga mwaulemu.

"Chabwino. Nanga bwanji osabwera nawo manowo?"

"Munati m'nyumba muno musadzalowe kanthu kochokera kwa Shimizu, ngakhale singano."

"Koma ndi anga!"

"Anali anu. Tsopano akuchokera kwa a Shimizu."

"Mayo ine! Kodi akudziwa mwini wake?"

"Sindinaulule, munati za m'nyumba zisamatuluke. Madzi a m'kapumo anauma kukhala mwala, ndiye a Shimizu aikhazika pamwamba pa mbaula, pamaso pa anthu onse, kuti madziwo asungunuke. Akuti mwini wake akabwera ayeserere pomwepo."

"Ayeserere?"

"Agogo atatu ayesa kale. Akuti ndi aakulu kwambiri. Wina anati kamwa lotere m'mudzi muno lilipo limodzi."

A Onodera anagwira tsaya. "Shimizu anati chiyani?"

"Anangoitembenuza kapuyo kuti iyang'ane kwa iwo. Zaka khumi ndi ziwiri simunawasekerere, bambo, koma lero mano anu akuwamwetulira kuyambira m'mawa."

"Akumwetulira Shimizu?"

"Onse, apamwamba ndi apansi. Mpaka a Shimizu anawagwadira pang'ono, n'kunena kuti, 'Nanenso pepani za chipale chija.' Anthu anaomba m'manja."

Kupepesa kumene a Onodera anakudikira zaka zonsezi kunali kutabwera, koma kunalandiridwa ndi kapu. Zinawawawa, komanso zinawafewetsa, ndipo sanadziwe choyamba n'chiti.

"Ndiye manowo anayankha chiyani?" anafunsa motsitsa mawu.

"Akudikira mwini wake."

A Onodera anaponya mabulangete uko, navala chipewa chozondotsa.

"Chikhoti changa!"

"Mukupita kuti?"

"Kukawaletsa! Angamukhululukire zonse ine ndisanamveko ndi makutu anga."

A Tsuyako anaima pakhomo, manja m'chiuno. "Iyayi, bambo. Munalumbira kuti phazi lanu silidzaponda pakhomo la a Shimizu. Ine sindingalole kuti mukhale wabodza pa ukalamba uno."

A Onodera anayang'ana mapazi awo, kenako akazi awo, kenako kangolo kaja kali pakhonde. Anatuluka, nakhalapo bwinobwino, miyendo ili m'mwamba.

"Kokani, mayi. Ndinati phazi. Za matako sindinanenepo kanthu."